Sukulu Imene Inabala Mafakitale: Mbiri ya Kuphunzira Utsogoleri Pogwira Ntchito ku Mondragón

Maphunziro a kayendetsedwe ka makampani akhala akudzudzulidwa kwa nthawi yaitali kuti amatulutsa anthu odziwa kuwerengera phindu koma osadziwa kuona amene phindulo lawapweteka. Pofuna kuyankha chidzudzulo chimenechi, bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007 mfundo zolimbikitsa sukulu za bizinesi kuti ziziphunzitsa udindo wa kampani kwa anthu ndi kwa chilengedwe, ndipo sukulu mazanamazana zinasaina mfundozo, ngakhale kuti zina zinangowonjezera phunziro limodzi pa ndandanda imene inalipo kale, kapena kutumiza ophunzira kukagwira ntchito zachifundo kwa masabata ochepa. Mbiri ya tawuni ya Mondragón ndi yofunika pa nkhaniyi chifukwa kumeneko zinthu zinayenda mwa njira ina, pakuti sukulu ndi imene inayamba, makampani n'kubadwa kuchokera m'sukuluyo, ndipo oyendetsa makampaniwo anaphunzira kuganizira anzawo chifukwa malamulo a kampani anawaika pamalo oti cholakwa chawo chiziwabwerera iwo eni ndi anansi awo. Mbiri yomweyo imaonetsanso pamene njira imeneyi imalekezera.

Mondragón, imene eni ake m'chinenero chawo cha Euskara amaitcha Arrasate, ili m'chigwa chopanikizika cha mtsinje wa Deba, m'chigawo cha Gipuzkoa, kwawo kwa anthu a mtundu wa Basque kumpoto kwa dziko la Spain. Malo olima m'chigwachi ndi ochepa, choncho kuyambira kalekale anthu ake ankadalira kusula zitsulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ntchitoyi inali m'manja mwa kampani imodzi yaikulu, Unión Cerrajera, imene inakhazikitsidwa mu 1906 ndipo inkapanga maloko ndi zitsulo zina. Eni kampani ndi antchito ankaonerana m'kodi, moti pa kuukira boma kwa mu Okutobala 1934, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, Marcelino Oreja Elósegui, amenenso anali phungu wa nyumba ya malamulo, anaphedwa m'tawuni momwemo. Nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939 inakulitsa chidanicho, ndipo inasiya tawuni ya anthu osafika 10,000 itagawikana pakati pa opambana ndi ogonja, mukuvuta njala ndi chifuwa chachikulu, mabungwe a antchito oima paokha ataletsedwa ndi boma la Francisco Franco, limenenso linachotsa chinenero cha Euskara m'sukulu.

Wansembe wachikatolika José María Arizmendiarrieta anafika m'tawuniyi mu Febuluwale 1941 ali ndi zaka 25, kudzakhala wothandizira bambo mfumu wa parishi. Iye anali wa diso limodzi chifukwa cha ngozi ya paubwana, ndipo pa nthawi ya nkhondo anali atagwira ntchito ya utolankhani ku nyuzipepala ya Eguna, ya mbali imene inagonja, zimene zinachititsa kuti amangidwe mu 1937. Amene anamudziwa amavomereza kuti sanali mlaliki wokoka anthu, ndipo mwina n'chifukwa chake anaika mtima pa timagulu ta achinyamata m'malo mwa guwa. M'magulu a achinyamata achikatolika ogwira ntchito munali mutafala njira ya wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, yoti munthu ayambe waona bwinobwino mmene zinthu zilili pamene akukhala, kenaka aziweruze poyerekeza ndi chilungamo, pomaliza achitepo kanthu. Achinyamata a ku Mondragón anatsata mzimu womwewo, ndipo zimene ankakambirana m'misonkhano ankazigwirira ntchito: anasonkhetsa ndalama, anayambitsa timu ya mpira ndi kuikonzera bwalo, anathandiza kutsegula chipatala chaching'ono cha odwala chifuwa chachikulu. Aliyense wosunga kaundula wa zopereka za anansi ake ankadziwa kuti khobidi likasowa adzafunsidwa pamsewu, ndipo amenewa ndiwo anali maphunziro oyamba a kasungidwe ka chuma kwa anyamata amene pambuyo pake anadzayendetsa mafakitale. Mwambo wa anthu a mtundu wa Basque wotchedwa auzolan, woti anthu a m'dera limodzi azigwirira pamodzi ntchito yokomera onse, monga momwe dima limasonkhanitsira anthu pamunda wa mnzawo, unachititsa kuti zimenezi zisaoneke zachilendo.

Kampani ya Unión Cerrajera inali ndi sukulu yake ya ntchito zamanja, koma inkalandira ana a antchito ake okha, ndipo pamene wansembeyo anapempha kuti itsegulidwe kwa ana onse a m'tawuni, akuluakulu anakana. Iye anatembenukira kwa makolo, naika mabokosi m'mphambano za misewu kuti aliyense wofuna sukulu yatsopano aponyemo kapepala kolonjeza ndalama kapena thandizo lina, ndipo anthu pafupifupi 600 analonjeza. Sukuluyo, yotchedwa Escuela Profesional, inatsegulidwa mu Okutobala 1943 ndi ophunzira 20. Chofunika kwambiri pa sukuluyi chinali umwini wake, popeza sinali ya mpingo, sinali ya boma, ndiponso sinali ya kampani imodzi, koma opereka ndalama ndiwo ankasankha komiti yoiyendetsa, m'dziko limene chisankho chenicheni chinali choletsedwa. Mu 1948 bungwe la Liga de Educación y Cultura linakhazikitsidwa kuti sukuluyo izindikirike mwalamulo. Ophunzira khumi ndi mmodzi a m'gulu loyamba anapeza mwayi wolembetsa maphunziro a uinjiniya ku yunivesite ya Zaragoza osachoka kwawo, moti masana ankagwira ntchito m'fakitale, usiku n'kumawerenga, mpaka anamaliza mu 1952.

Anyamata ophunzirawa anayamba kukwezedwa pa ntchito ku Unión Cerrajera, ndipo anayesa kusintha kampaniyo ali mkati, popempha kuti antchito aloledwe kugula masheya pamene kampani inkawonjezera mpamba wake. Pempholo litakanidwa, asanu mwa iwo, Luis Usatorre, Jesús Larrañaga, Alfonso Gorroñogoitia, José María Ormaetxea ndi Javier Ortubay, anasiya ntchito, nagula mu 1955 kampani yaing'ono ya ku Vitoria yopanga mbaula za palafini, makamaka pofuna chiphaso chake, popeza boma silinkapereka ziphaso zatsopano za mafakitale mwachisawawa. Mu 1956 anaisamutsira ku Mondragón, ndipo dzina lake, Ulgor, analipanga ndi zilembo za maina awo. Mu 1959 kampaniyo inalembetsedwa ngati kopaletivi, kutanthauza bizinesi imene eni ake ndi mamembala, amene pano anali antchito eniakewo, ndipo katundu wake anadzatchuka ndi dzina la Fagor.

Malamulo a Ulgor ndi a makopaletivi ena amene anabwera pambuyo pake ndiwo anakhala mphunzitsi wamkulu wa mamanejala. Membala aliyense ankaika gawo lake la mpamba polowa, ndipo anali ndi voti imodzi mu msonkhano waukulu, kaya akhale wosesa kaya injiniya. Msonkhanowo unkasankha bodi, bodi n'kulemba manejala, amene ankaloledwa kulankhula m'bodimo koma osavota, ndipo ankatha kuchotsedwa ndi anthu omwe iye ankawalamula m'fakitale. Panalinso khonsolo ya antchito yoyang'anira za malipiro, chitetezo ndi madandaulo. Poyamba malipiro a wamkulu woposa onse sankaloledwa kupitirira katatu malipiro a wotsika woposa onse, ndipo pa phindu la chaka, magawo 10 pa 100 alionse ankapita ku maphunziro ndi ntchito zothandiza dera, gawo lina kusungidwa m'kampani, lotsala n'kulembedwa m'mabuku a mamembala kuti adzalitenge popuma ntchito. Manejala wokhala pansi pa malamulo oterewa sankafunika kuuzidwa m'kalasi kuti kuchotsa anthu ntchito kumapweteka mabanja, chifukwa ochotsedwawo anali omulemba ntchito, anzake a kusukulu, ndiponso anthu amene ankakumana nawo kutchalitchi Lamulungu.

Pamene boma linalamula mu 1958 kuti mamembala a makopaletivi asakhalenso m'ndondomeko ya boma ya chithandizo cha odwala ndi penshoni, ponena kuti ndi odzilemba okha ntchito, makopaletiviwo anayambitsa thumba lawo, limene linadzatchedwa Lagun Aro. Mu 1959 Arizmendiarrieta anakakamiza ophunzira ake akale kutsegula banki ya Caja Laboral Popular, iwo akukana ponena kuti za mabanki sankazidziwa, ndipo Ormaetxea, amene anali ataphunzira za mafakitale, ndiye anakhala woiyendetsa, n'kuiphunzira ntchitoyo ali pa mpando. M'zaka zotsatira, bankiyi inakhala ndi nthambi yothandiza kuyambitsa makopaletivi atsopano, ndipo kachitidwe ka nthambiyi n'koyenera kukafotokoza bwino, chifukwa ndi kamene kanafika pafupi kwambiri ndi chimene lero chimatchedwa kuphunzira kudzera m'zochitika. Gulu la anthu ofuna kuyamba bizinesi linkasankha mmodzi mwa iwo kuti adzakhale manejala, ndipo munthuyo ankakakhala ku ofesi ya banki kwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, akufufuza msika, mitengo ya makina ndi mtundu wa katundu woti adzapange, moyang'aniridwa ndi mlangizi wodziwa ntchito amene ankatchedwa padrino, mawu a Chisipanishi otanthauza nkhoswe ya paubatizo. Malipiro ake a nthawi yonseyo ankalembedwa ngati ngongole ya kopaletivi imene inali isanabadwe. Motero wophunzira uja ankadziwa kuti tsiku lililonse lotayidwa adzalilipira ndi anzake amene anamusankha, ndipo banki nayo inkadziwa kuti ikamuphunzitsa mwamphwayi idzataya ndalama za osunga. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 panali makopaletivi pafupifupi 100 ogwirizana ndi bankiyi, ndipo amene anagwa m'zaka zonsezo anali owerengeka.

Mbali ya ophunzira achichepere inakonzedwa mu 1966, pamene panakhazikitsidwa Alecop, fakitale imene mamembala ake ambiri anali ophunzira a sukulu ija. Wophunzira ankagwira ntchito theka la tsiku, theka linalo ali m'kalasi, ndipo malipiro ake ankamuthandiza kulipira fizi, zimene zinatsegula khomo kwa ana a m'mabanja osauka. Fakitaleyi inkapanga zinthu zenizeni zogulitsa, monga mawaya a magetsi a m'ziwiya zopangidwa ndi makopaletivi ena, ndi zipangizo zophunzitsira m'sukulu za ntchito zamanja. Mipando ya m'bodi yake inagawidwa patatu, pakati pa ophunzira, antchito okhazikika ndi makopaletivi othandiza, moti wachinyamata wosafika zaka 20 ankatha kukhala pa tebulo lokambirana za mitengo, malipiro ndi chilango cha mnzake wojomba. Afilosofi a maphunziro, kuyambira John Dewey ndi buku lake la 1938 mpaka David Kolb amene mu 1984 anafotokoza kuphunzira ngati mkombero wa kuchita, kulingalira zimene zachitika, kupanga lingaliro ndi kuliyesanso, ananena zofanana ndi zimenezi m'mawu apamwamba, koma chimene Alecop inali nacho, chimene masewero oyerekeza bizinesi m'kalasi alibe, n'chakuti katundu akabwezedwa ndi wogula, malipiro a ophunzira eniakewo ndi amene ankakhudzidwa.

Phunziro lowawa kwambiri linabwera mu Juni 1974, pamene antchito opitirira 400 ananyanyala ntchito ku Ulgor ndi ku kopaletivi ina ya gulu lomwelo, potsutsa njira yatsopano yoyezera ntchito imene inatsitsa magiredi a ena mwa ogwira ntchito pa mzere wolumikizira ziwiya. Malamulo a kopaletivi ankaletsa sitalaka ya pa nkhani zamkati, poganiza kuti mwini sanganyanyalire ntchito yake yomwe, ndipo atsogoleri a sitalakayo anachotsedwa umembala, ena onse n'kulipitsidwa chindapusa. Msonkhano waukulu unavomereza chilangocho, koma tawuni inagawikana, ndipo ngakhale akuluakulu ena a mpingo anadzudzula makopaletivi. Patapita zaka zinayi ochotsedwawo analoledwa kubwerera. Chimene sitalakayi inavumbula n'chakuti Ulgor, imene inali itakula kufika pa mamembala opitirira 3,000, inali itasanduka malo amene munthu womanga mabawuti tsiku lonse ankamva ngati waganyu wamba, ngakhale anali ndi voti kamodzi pa chaka. Zotsatira zake, khonsolo ya antchito inapatsidwa mphamvu zambiri, makopaletivi analimbikitsidwa kugawikana asanakule mopitirira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 gulu la Fagor linaitana Davydd Greenwood wa ku yunivesite ya Cornell kuti afufuze pamodzi ndi mamembala eniakewo chifukwa chimene ambiri ankamvera kuti mawu awo sakupita patali. Arizmendiarrieta anamwalira mu Novembala 1976, ochotsedwa aja asanabwezeretsedwe.

Iye atapita, zimene zinkaphunziridwa mwa kukhala naye pafupi zinayenera kulembedwa ndi kupatsidwa nyumba. Malo ophunzitsira mamanejala ndi mamembala a mabodi, odziwika lero ndi dzina la Otalora, anatsegulidwa ku Aretxabaleta m'zaka za m'ma 1980, ndipo msonkhano wa makopaletivi onse wa mu 1987 unavomereza mfundo khumi, zina mwa izo ndi maphunziro, kusasiyana kwambiri kwa malipiro, ndi udindo wosintha dera limene kopaletivi ikukhala. Mu 1997 sukulu ya uinjiniya ya ku Mondragón, ya bizinesi ya ku Oñati ndi ya aphunzitsi ya ku Eskoriatza zinagwirizana kupanga Mondragon Unibertsitatea, yunivesite imene nthambi zake zoyamba ndi makopaletivi, momwe ophunzira ali ndi gawo lawo la mavoti pamodzi ndi antchito ndi makampani othandiza. Mu 2009 yunivesiteyi inayamba digiri ya utsogoleri ndi kuyambitsa mabizinesi yotchedwa LEINN, potengera njira ya Tiimiakatemia imene Johannes Partanen anaiyamba ku Jyväskylä m'dziko la Finland mu 1993. M'njira imeneyi ophunzira amaikidwa m'magulu kuyambira chaka choyamba, gulu lililonse limalembetsa kampani yake, limafuna makasitomala enieni, ndipo limayenda maulendo ophunzira ku maiko monga Finland, United States, China ndi India, pamene aphunzitsi amakhala alangizi a gulu m'malo moima patsogolo pa kalasi.

Pa nthawi yomweyi, makopaletivi akuluakulu anali atayamba kugula ndi kumanga mafakitale kunja kwa dera lawo, pofuna kupikisana ndi makampani a maiko ena dziko la Spain litalowa mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya mu 1986. Antchito a m'mafakitale amenewa, ku Poland, ku Morocco, ku China ndi kwina, sanali mamembala, analibe voti, ndipo sankakumana ndi manejala pamsewu wa ku Arrasate. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Sharryn Kasmir, anali atanena kale m'buku lake la 1996 kuti ngakhale kunyumba komweko mamanejala ndi amene ankakonda kopaletivi kuposa antchito wamba, ndipo malire a malipiro anali atakwezedwa kuchoka pa katatu kufika pa kasanu ndi kamodzi kuti akatswiri asathawire ku makampani ena. Kampani ya Fagor Electrodomésticos, imene inachokera ku Ulgor uja, inagula kampani ya Brandt ya ku France mu 2005 ndi ndalama zangongole, ndipo pamene ntchito yomanga nyumba inagwa ku Spain kuyambira 2008, msika wa mafiriji, masitovu ndi makina ochapira unagwa nayo. Mamembala anavomera kudula malipiro awo, makopaletivi ena anasonkha ndalama zambiri zoipulumutsira, koma mu Okutobala 2013 gulu lonse la makopaletivi a Mondragon linakana kuwonjezera zina, ndipo kampaniyo inagwa.

Mmene kugwaku kunakhudzira anthu osiyanasiyana ndi umboni wa mphamvu ndi malire a maphunziro a ku Mondragón. Mwa mamembala osachepera 1,800 a m'dera la Basque, ambiri anasamutsidwira ku makopaletivi ena kapena kupumitsidwa ntchito msanga mothandizidwa ndi Lagun Aro, chinthu chosowa m'mbiri ya makampani akugwa. Antchito a ku Wrocław, ku Poland, ndi a ku France analibe chitetezo chimenecho, ndipo anthu wamba amene anali atagula zikalata za ngongole za kampaniyo, poganiza kuti akusunga ndalama pamalo otetezeka, anataya chuma chawo. Mamanejala amene anachita zimenezi sanali anthu ouma mtima kuposa anzawo akale, koma njira imene inawaphunzitsa inkadalira kuyandikana, ndipo zochitika zimaphunzitsa munthu za okhawo amene ali ndi mpata womuyankha. Nkhani ya chilengedwe ili ndi vuto lomwelo, pakuti mtsinje wa Deba, umene kwa zaka zambiri unali umodzi mwa mitsinje yoipitsidwa kwambiri ya ku Gipuzkoa chifukwa cha mafakitale a mitundu yonse ndi zonyansa za m'matawuni, unalibe mpando mu msonkhano waukulu wa kopaletivi iliyonse, ndipo mfundo khumi za 1987 zinanena zambiri za ntchito, mpamba ndi dera kuposa za madzi ndi mpweya. Kukhalitsa kumene makopaletiviwa anakudziwa bwino kunali kwa ntchito yodutsa ku mibadwo, pamene kusamala chilengedwe kunalowa mochedwa, makamaka kudzera m'malamulo a ku Ulaya ndi zofuna za ogula, monga momwe kunalowera m'makampani ena onse.

Pali zoyesayesa zokulitsa bwalo la anthu oyandikana nawo. Bungwe la Mundukide, limene anthu a m'makopaletivi analiyambitsa mu 1999, limagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono a m'zigawo za Niassa ndi Cabo Delgado ku Mozambique, ndiponso ndi gulu la alimi opanda malo la ku Brazil, ndipo ena mwa opita kumeneko ndi mamanejala opuma ntchito. Maulendo a ophunzira a LEINN nawo cholinga chake n'choti wachinyamata wa ku Gipuzkoa aone ndi maso mmene anthu akutali amakhalira ndi kugwirira ntchito. Komabe ulendo wa masabata angapo umasiyana ndi zimene ankakumana nazo wophunzira wa ku Alecop, popeza wochezeredwayo sangavote kuti mlendoyo achotsedwe, ndipo mlendo akalakwitsa amakwera ndege n'kubwerera kwawo.

Ngakhale pakati pa makopaletivi eniake, kukula kwa udindo wothandizana sikunathe kukambidwa. Mu Disembala 2022 mamembala a Ulma, ya ku Oñati, ndi a Orona, yopanga zikepe za m'nyumba zosanja ku Hernani, magulu awiri a makopaletivi amene anali pakati pa opeza phindu lalikulu, anakumana m'misonkhano yawo yaikulu navota kuti atuluke m'gulu la Mondragon n'kumadziyendetsera okha chuma chawo. Anatsata ndondomeko yomwe ija ya membala mmodzi voti imodzi, ndipo gulu lotsalalo linapitiriza ndi antchito pafupifupi 70,000.